Nati ya ngolo m'dzenje la oipa

Mwana wanga wamkazi atamaliza kosi ya uphunzitsi ku Lusaka anabwerera kwathu kufupi ndi Palabana, kudzadikira kuti aitanidwe ntchito. Kuitanako kunachedwa, ndipo mtsikana wophunzira akasowa chochita nyumba yonse imadziwa. Anabwera ndi kathumba ka madayisi, ena a mbali zambirimbiri oti sindinawaonepo, pamodzi ndi masewera amene anaphunzira kwa anzake a kukoleji. Masewera ake alibe mpira, alibe makadi. Mmodzi amasimba nthano, ndipo ena onse aliyense amakhala munthu wa m'nthanomo, n'kumanena chimene munthu wakeyo achite. Ukati ndilumpha mtsinje, umaponya dayisi. Ikagwa nambala yaikulu ndiye kuti walumpha, ikagwa yaing'ono wanyowa.

Ine ndinamuuza kuti zimenezo ndi za anthu opanda ng'ombe zokama. Koma Lamlungu masana, tikabwera ku Misa kumishoni, ng'ombe zimakhala zili kubusa, munthu sungagwire khasu, ndipo tulo ta masana timandipweteketsa mutu. Anandinyengerera mpaka ndinalola. Amuna anga analola msanga, poti iwo chilichonse chochitika munthu atakhala pansi amachikonda. Wachitatu anali mlongo wanga, wonditsatira ine, amene chaka chomwecho anali atangobwerera kumudzi.

Za mlongo wangayu ndiyenera kufotokoza. Zaka zambiri m'mbuyomo bambo athu anagwa m'munda akupalira. Ngolo imene ikanawatengera kuchipatala cha mishoni sinali pakhomo. Mlongo wanga anali atapita nayo kukatula makala a munthu wina, ndipo pobwerera anaima pa kachasu, ng'ombe atazimangirira pamtengo. Bambo tinawakweza panjinga, wina akukankha wina atawagwira, ndipo anatisiya tisanafike pageti la chipatala. Asisitere a kumeneko anatiuza kuti mtsempha unaphulika m'mutu, kuti ngakhale pakanakhala galimoto sizikanasintha kanthu. Ine ndinamva. Amayi analipo pomwepo, koma mawuwo anangowadutsa.

Amayi sanamutukwane, sanamutemberere. Anangosiya kumulankhula. Maliro atatha iye analowera ku Lusaka, ndipo ngolo ija inaolera kuseri kwa khola, popanda woimanganso ng'ombe. Atabwera, ali ndi imvi m'ndevu komanso mowa atausiya, amayi anamupatsa chipinda ndi bulangete, koma pakamwa pawo sipanatseguke. Munthu atakhala pafupi poti angamukhudze ndi dzanja, ankati kwa ine, umuuze mlongo wako kuti madzi osamba atentha. Iyenso ankayankhira mwa ine, muwauze amayi zikomo. Ndinasanduka foni ya anthu awiri okhala bwalo limodzi, ndipo zinkandinyansa. Iye anali atanena kale kuti akathandiza kukolola ndi kukonza madenga abwerera kutauni. Ndinkadziwa kuti akapita ulendo uno sadzabweranso, ndiponso kuti amayi, ndi msana wawo wopindika uja, alibe zaka zina zambiri zodikira.

Tsiku loyamba mwana wanga anati tisanayambe, aliyense anene mtima wa munthu wake. Anatenga kamtengo n'kukumba timaenje pansi pa mango, pafupi ndi pamene bambo ankasewerera nsolo: mizere itatu, uliwonse maenje atatu. Mzere wa kufupi ndi tsinde unali wa abwino. Wa kutali, woyang'ana kudzala, unali wa oipa. Wa pakati unali wa anthu osati abwino kwenikweni, osatinso oipa. Ndiye mumzere uliwonse, dzenje la mbali ya kunyumba linali la omvera malamulo, la mbali ya kukhola la osamvera munthu, la pakati la oyendera mmene kwachera.

Amuna anga anayang'anitsitsa n'kunena kuti ndiye kuti mzere wa pakatiwo ndi puligatoriyo. Ine chimene chinandivuta ndi dzenje la wabwino wosamvera malamulo. Ndinati munthu wotero kulibe, wabwino ndiye womvera. Amuna anga anandikumbutsa kondakitala wa minibasi ya ku Kanakantapa amene amapanikiza anthu mopyola muyeso kuti asasiye nkhalamba pamvula. Za woipa womvera malamulo sitinakangane. Tonse tinamuona munthu yemweyo m'maganizo, ndi jekete lake la pa Misa, koma poti linali Lamlungu palibe anamutchula.

Mwana wanga anatichenjeza kuti dzenjelo ndi la munthu wa m'nthano, si la iwe mwini. Anati wokoma mtima atha kusewera chigawenga, ndipo ndi pamene pamakomera. Koma ife tinakulira m'katekisimu. Munthu akatifunsa ngati tili mbali ya zabwino kapena ya zoipa, timayankha ngati tili kutsogolo kwa guwa. Ndinatola nyemba n'kuiika mwa abwino omvera malamulo. Ndikanaiikanso pati, ine wa m'kwaya, amayi anga ali pakhonde akuswa mtedza n'kumandiona? Amuna anga anaika chitsekero cha botolo pakatikati penipeni, ati safuna milandu, ndipo kunena zoona ukwati wathu wonse akhala m'dzenje limenelo.

Mlongo wanga anadzuka, analowera kuseri kwa khola, n'kubwera ndi nati yadzimbiri ya pagudumu la ngolo ija. Anaiponya m'dzenje la pakona, la oipa osamvera munthu.

"Ine niziba pamalo panga," anatero.

Ananena akumwetulira, koma palibe anaseka. Mwana wanga anayesa kumuuza kuti amalume, awa ndi masewera chabe. Iye anati ndiye bwino, akhala kawalala, mbava yeniyeni. Ndinaponya diso kukhonde. Amayi nati ija anaiona, ndipo anaidziwa, pakuti ngoloyo anagula ndi bambo chaka chimene anakwatirana. Anapitiriza kuswa mtedza wawo.

Ine ndinali msilikali wa mfumu, amuna anga wamalonda woyendayenda, mwana wanga wosimba nthano. Lamlungu loyambalo kawalala anaba nsapato za msilikali wanga ali m'tulo, n'kudzamugulitsanso m'mawa. Mlongo wanga anaseka mpaka kutsokomola, ndipo aka kanali koyamba kumumva akuseka chibwerere. Ine ndinapsa mtima zenizeni. Ndinati msilikali wanga amupatse khofi wakubayo. Mwana wanga analoza nyemba yanga n'kundikumbutsa kuti womvera malamulo samenya, amapita naye kubwalo la milandu. Ndinati bwalo lili kutali ndipo khofi lili pafupi, koma mtsikana ameneyu pa malamulo anatengera ambuya ake. Apo ndi pamene ndinazindikira ntchito ya maenje aja. Ankakugwira dzanja pamene mtima ukufuna zina, ndipo ubwino wa m'dzenje langa unali wotopetsa kwambiri.

Nyemba, chitsekero ndi nati zinkatsala m'maenjemo sabata yonse. Amayi, amene amasesa bwalo m'mawa uliwonse ndipo salola wina kugwira tsache lawo, ankalambalala malowo mosamala. Nkhuku ikayandikira nyemba yanga ankaiingitsa. Pakamwa ankati masewerawa ndi achibwana, anthu akuluakulu kumakambirana za zinjoka ndi mafumu osaoneka. Koma mpando wawo unkayenda. Unachoka pakhonde n'kufika pamthunzi wa nkhokwe, ati pakhonde pakutentha. Kenako unafika pamphepete pa mthunzi wa mango, ati kunkhokwe kuli nyerere.

Vuto la mlongo wanga linali lakuti kuipa kunkamukanika. Kawalala wake anapeza mwana wamasiye pamsika n'kumugulira chakudya. Mwana wanga atamufunsa kuti woipa angachite bwanji zimenezo, iye anati akumunenepetsa kuti adzamutume kukaba. Anafolera nyumba ya mayi wamasiye, ati kuti aone pamene amabisa katundu. Anatulutsa wamalonda wa amuna anga m'chitsime, ati chifukwa anali atavala lamba wabwino. Chabwino chilichonse ankachipezera chifukwa choipa, ndipo ife tinkadikira chifukwacho kuposa nthano yomwe. Masiku omwewo ndiye anali kukonza denga la amayi, ndi kundilanda njinga m'mamawa kuti zigubu za mkaka akatule yekha. Pa zimenezo sankapereka chifukwa chilichonse.

Tsiku lina mwana wanga anamuuza kuti malamulo a masewerawa amati munthu akamachita zosemphana ndi dzenje lake kawirikawiri, wosimba nthano amamusuntha. Anatambasula dzanja kuti nati ija aiike mumzere wa pakati. Mlongo wanga anaphimba dzenjelo ndi phazi.

"Isiye pamene ilili."

Sanakweze mawu, koma mtsikanayo anabweza dzanja. Pambuyo pake anandiuza kuti lamulo limamulola, koma sangasunthe nati ya amalume ake eni ake atakana.

Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, madenga atatha, pamene linafika Lamlungu limene ndikufuna kusimba. M'nthanomo mzinda unali kupsa. Mfumu inapatsa msilikali wanga mankhwala kuti awaolotse mtsinje usanadzaze, n'kumulumbiritsa kuti asaime panjira. Potuluka tinapeza mdala wolondera pachipata, mtanda wa denga utamugwera, akupumira m'mwamba. Ndinayang'ana nyemba yanga. Lumbiro ndi lumbiro, ndipo kutsidya kunali odwala ambiri. Ndinati msilikali wanga apitirire, koma mtima unandiwawa ngati mdalayo ndimamudziwa. Amuna anga anati wamalonda wawo atsata kumene kwapita ambiri. Kawalala ndiye anali kale patsogolo, atathawa ndi ngolo ya abulu imene anaba m'chipwirikiticho.

Mwana wanga anamufunsa chimene achite. Mlongo wanga anati abwerera. Tonse tinadikira chifukwa chake choipa, mwina mdalayo ali ndi dzino lagolide, mwina ali ndi makiyi a mosungira chuma. Mtsikanayo anachita kumufunsa kuti nanga chifukwa chake n'chiyani ulendo uno.

"Kulibe. Nibwelela chabe."

Madayisi tinkaponyera m'lichero kuti asatayike m'fumbi, ndiye aliyense ankaona chimene chagwa. Anaponya koyamba kuti tione liwiro la abulu, ndipo inagwa nambala yaikulu. Mwana wanga anasimba mmene ngolo inaulukira pakati pa utsi, mmene kawalala anakwezera mdalayo yekha, mmene anamugonekera pa malaya ake. Mlongo wanga anali atawerama, zigongono pamaondo, akukuwira abulu ndi mawu omwe aja ankakuwira ng'ombe za bambo. Kenako panafunika kuponyanso, kuti tione ngati mdalayo afike wamoyo kwa sing'anga. Dayisi inazungulira m'lichero n'kuima pa nambala yochepetsetsa.

Mwana wanga anandiyang'ana. Ndinaona kuti akufuna kunama, koma tonse tinali titaona. Anasimba motsitsa mawu kuti mdalayo anatsirizika ngolo ikufika pakhomo pa sing'anga. Ngati nthano imeneyi anaikonza dala, podziwa za ambuya ake aamuna amene anamwalira iye ali kumsana, sindikudziwa, ndipo sindinamufunsepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti dayisiyo sanaikonze.

"Ninachedwa?" anafunsa mlongo wanga.

"Simunachedwe, amalume. Munathamanga kupambana onse. Ni dayisi chabe."

Ndi pamene ndinazindikira kuti kumbuyo kwanga mtedza wasiya kulira. Amayi anali atagwira umodzi m'manja osauswa. Mlongo wanga anadzuka, nati akukatenga ng'ombe, ngakhale dzuwa linali likadali pamwamba.

Madzulo ake tikukama anandiuza kuti mnzake wamupezera ntchito ya ulonda ku Lusaka, ndipo anyamuka mkati mwa sabata. Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti munthu wamkulu sathawa kwawo chifukwa cha kadayisi, kuti ulonda ungamuphe ndi chifuwa chake chosatha, kuti ng'ombe zamuzolowera. Anangopitiriza kukama, mutu atautsamiritsa pamimba pa ng'ombe, kenako anati ndiwauze amayi. Ndinakawauza. Amayi anangoti ndimuuze ayende bwino. Apo ndiye ndinaphulika. Ndinawauza amayi anga ondibala kuti ine si foni, kuti ndatopa, kuti kuyambira lero amene ali ndi mawu akanene yekha. Sindinawalankhulepo chotero chibadwire. Ndinapita kuseri kwa khola, pafupi ndi mafupa a ngolo ija, n'kukalira.

Mawa lake ndikutsuka zigubu ndinamva amayi akuitana mdzukulu wawo. Anayamba ndi zina, za sopo, za nkhuku yosaikira, kenako anafunsa kuti kodi tinthu ta m'maenje tija amasuntha ndani. Mtsikanayo anati wosimba nthano. Anafunsa kuti nanga bwanji sanasunthe ka amalume ake, poti munthuyo zochita zake aliyense wazimva. Iye anati anayesa koma amalume anakana. Amayi anafunsanso kuti nanga wamkulu wa pakhomo atasuntha. Mwana wanga anati zimenezo m'malamulo mulibe, ambuya. Amayi anangoti basi, n'kumutuma kukatunga madzi.

Masiku otsatirawo panalibe chinachitika. Ndinkadzuka n'kupita kukasuzumira pansi pa mango, ndipo nati inali pakona pake pomwe paja. Ndinawakwiyira amayi, ndinamukwiyira mlongo wanga, ndinawakwiyiranso amuna anga chifukwa chosakwiya. Ndinamuchapira zovala n'kumukazingira mtedza wa panjira, womwe uja amayi anaswa.

Tsiku lonyamuka tinakama limodzi monga mwa masiku onse. Dzuwa litatuluka iye analowa m'nyumba kukavala, ine ndikumangirira zigubu panjinga, poti tsopano ntchitoyo inali itabwerera kwa ine. Amayi anali kusesa. Mlongo wanga anatuluka ndi chikwama chake, chomwe chija anabwera nacho, chomangidwa ndi chingwe pamene zipi inafa. Anaima pakati pa bwalo.

"Ba sisi, muwauze amayi nayenda."

Ndinapinda manja n'kuyang'ana kumwamba. Ndinali nditanena kuti sindinyamulanso mawu a munthu. Pabwalo pankamveka tsache lokha.

Tsachelo linafika pansi pa mango n'kuima. Amayi analitsamiritsa patsinde. Kuwerama kwa iwo ndi ntchito, amayamba agwira bondo limodzi, kenako linalo. Anatola nati ija m'dzenje la pakona, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuiika mumzere wa kutsinde, m'dzenje langa, pambali pa nyemba yanga. Mwana wanga, amene anali pakhomo, anatsegula pakamwa kuti anene kuti kawalala sangakhale mwa omvera malamulo. Ndinamuyang'ana kamodzi ndipo anatseka.

Amayi anaweramuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane ine. Anayang'ana mlongo wanga.

"Iwe. Ninamvela pa Sondo, pamasewela paja. Unamubwelela mudala uja."

Mlongo wanga anatembenukira kwa ine mwachizolowezi, ngati ndimumasulire. Kenako anayankha yekha.

"Koma anafa, amayi."

"Anafa. Na atate ako sembe anafa, olo ngolo inalipo. Asisitele anakamba, ninamvela bwino bwino." Anapukuta manja pachitenje, ngakhale munalibe kanthu. "Nenzofuna chabe munthu womukwiyila. Mulungu sininakwanise. Ninasankha iwe, mwana wanga."

Sindikukumbuka kuti chikwama chinafika bwanji pansi. Ndikukumbuka kuti munthu wa imvi m'ndevu anagwada m'fumbi losesedwa kumene, nkhope ataibisa m'chitenje cha amayi ake, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi anamugwira mutu ngati akumuyesa malungo. Amuna anga, amene anali atatuluka ndi kapu m'manja, anabwerera m'nyumba chakumbuyo. Kumsewu minibasi inaliza hutala, inadikira pang'ono, n'kupita.

"Nyamuka, uzadetsa buluku," anatero amayi. "Ngena, tiyi izazizila."

Analowa awiriwo, iye atawagwira mkono pokwera khonde. M'katimo ndinamva amayi akumufunsa ngati akufuna shuga wina, ndi iye akuyankha. Ine ndinatsala pabwalo ndi njinga yanga ndi zigubu zanga, ndilibe uthenga woti ndikapereke kwa aliyense.